Mafunso ndi mayankho: black hole yolusa pakati pa mlalang'amba, ndani amalamulira mnzake?

Mafunso awa amabwerabwera ndikangotchula zoti pakati pa milalang'amba ina (magulu akuluakulu a nyenyezi zambirimbiri) pamakhala kanthu kakang'ono kowala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo kuziphatikiza pamodzi. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa, pepani, ndi amene amandikoma. Tigwirizane kaye ziwiri. Ndikati light year ndikunena mtunda umene kuwala kumayenda chaka chathunthu, pafupifupi makilomita 9.5 thiriliyoni. Ndikati chinthu chikulemera "madzuwa 4 miliyoni" ndekuti kulemera kwa dzuwa lathuli kuwirikiza ka 4 miliyoni.

AGN nde chani kwenikweni?

Ndi chidule cha dzina lachingerezi, active galactic nucleus, kutanthauza pakatikati pa mlalang'amba pamene pakutuluka kuwala ndi mphamvu zochuluka zedi zomwe nyenyezi sizingapange. Chimene chimakhala pamenepo ndi black hole (chinthu chokoka mwamphamvu moti olo kuwala sikungatulukemo) yaikulu, yolemera madzuwa mamiliyoni kapena mabiliyoni, ndipo ikudya. Mawu ofunika ndi amenewo, ikudya. Black hole yomwe yangokhala phee sitiitcha AGN olo ikule bwanji. Mlalang'amba umene wasunga AGN pakati pake akatswiri amautcha host galaxy, tinene kuti mwininyumba.

Koma paja black hole siitulutsa kuwala, nde ikuwala bwanji?

Zoona, iyo siwala. Chowala ndi gasi amene akugweramo asanalowe. Gasiyo sagwa chindunji ayi, amazungulira kaye ngati madzi akamalowa pabowo, n'kupanga chimbale chathyathyathya chotchedwa accretion disk, nde mchimbalemo gasi wamkati amathamanga kuposa wakunja, amakhulana, amatentha mpaka madigiri masauzande ambirimbiri n'kuyamba kuwala, makamaka kuwala kwa ultraviolet, ndipo chapafupi pomwepo pamatulukanso ma X-ray.

Chodabwitsa ndi kuchuluka kwa mphamvu yake. Dzuwa likamasandutsa haidrojeni kukhala helium, gawo la kulemera lomwe limasanduka mphamvu ndi 0.7 peresenti basi. Gasi wogwera mu black hole amatulutsa pafupifupi 10 peresenti. N'chifukwa chake malo aang'ono ngati dera la dzuwa ndi mapulaneti ake amatha kuwala kuposa nyenyezi mabiliyoni 100. Quasar ina (mtundu wa AGN wowala kwambiri) yotchedwa J0529-4351, imene analengeza mu 2024, imameza gasi wolemera pafupifupi dzuwa limodzi tsiku lililonse. Tsiku lililonsetu, osati chaka.

Ndipo zoti malowo ndi aang'ono timadziwira kusinthasintha kwa kuwala kwake. Ngati chinthu chikusintha kuwala m'masiku ochepa ndekuti kukula kwake sikungapose kwambiri mtunda umene kuwala kumayenda m'masiku omwewo.

Anthu anazidziwa liti zimenezi?

Pang'onopang'ono. Mu 1918 Heber Curtis anaona kamzere kowala kotuluka pakati pa mlalang'amba wa M87, osadziwa kuti ndi jet, mzere wa gasi wochokera pafupi ndi black hole pa liwiro lalikulu. Mu 1943 Carl Seyfert analemba za milalang'amba ingapo yokhala ndi pakati powala modabwitsa pomwe gasi akuthamanga makilomita masauzande pa sekondi, mpaka lero timaitcha milalang'amba ya Seyfert. Koma chaka chimene zinthu zinatembenuka ndi 1963, pamene Maarten Schmidt anapeza kuti 3C 273, yomwe imaoneka ngati kanyenyezi wamba, ili kutali ma light year opitirira 2 biliyoni. Chinthu chooneka bwinobwino chili kutali choncho ndekuti kuwala kwake n'kosaneneka. Amenewo nde ma quasar.

Mu 1964 Edwin Salpeter ndi Yakov Zel'dovich, aliyense payekha, ananena kuti gwero lake lingakhale gasi wogwera m'chinthu cholemera kwambiri. Kenako mu 1969 Donald Lynden-Bell anaonjezera mfundo imene ine ndimaikonda, yoti ngati ma quasar analipo ambiri kalekale ndipo pano anazima, mitembo yawo iyenera kukhala ili pakati pa milalang'amba wamba yotizungulirayi. Ndipo anaipezadi.

Seyfert, quasar, blazar, radio galaxy, zonsezi n'zosiyana?

Maina anachuluka chifukwa anthu ankatchula zinthu asanadziwe kuti akuona chani. Injini ndi imodzi. Kusiyana kwagona pa kuchuluka kwa chakudya, kaya pali jet yamphamvu kapena palibe, komanso mbali imene ife tikuonera. Kuzungulira chimbale chija pamakhala fumbi lochindikala ngati nkhata, nde ukaonera cham'mbali fumbilo limakubisira pakati, ukaonera chapamwamba umaona zonse. Robert Antonucci ndi Joseph Miller anaonetsa zimenezi mu 1985 pa mlalang'amba wa NGC 1068, anapeza kuwala kwa pakati pobisikapo kutanjanja pa gasi wa pamwamba n'kubwera kwa ife ngati pagalasi. Blazar nayo ndi AGN imene jet yake yaloza pafupifupi kumaso kwathu. Seyfert ndi yofookerapo moti mlalang'amba wake umaoneka bwinobwino, pomwe quasar imathobwa m'maso mpaka mwininyumba kubisika. Zinatengera telesikopu ya Hubble m'zaka za m'ma 1990 kuti milalang'amba yosunga ma quasar ambiri ioneke bwino pazithunzi.

Mlalang'amba uliwonse uli ndi AGN? Nanga wathuwu?

Pafupifupi mlalang'amba waukulu uliwonse uli ndi black hole yaikulu pakati, koma yambiri ikugona. Yathu ya mu Milky Way ndi Sagittarius A*, ili pa ma light year 26,000 kuchokera kuno ndipo imalemera madzuwa 4 miliyoni. Magulu a Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez anaiyeza potsatira nyenyezi zoizungulira kwa zaka zambiri, ina yotchedwa S2 imamaliza ulendo wake m'zaka 16, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Chithunzi chake chinatuluka mu 2022 kuchokera ku Event Horizon Telescope, patapita zaka zitatu chitulukire cha black hole ya M87 yomwe imalemera madzuwa 6.5 biliyoni.

Yathuyi ili ndi njala yoopsa, imangolawa tinyenyeswa, nde sitiiwerengera ngati AGN. Koma zizindikiro zoti inalusapo zilipo. Mu 2010 telesikopu ya Fermi inapeza zimathovu ziwiri zotulutsa ma gamma ray, china pamwamba china pansi pa mlalang'amba wathu, chilichonse chotalika ma light year 25,000, ndipo akatswiri ambiri amaloza black hole yomweyi kuti inaphulitsa zimenezi zaka mamiliyoni ochepa zapitazo, ngakhale ena amati ndi nyenyezi zambiri zobadwa n'kuphulika nthawi imodzi. Palinso milalang'amba ing'onoing'ono ngati M33 imene anafufuza osapezamo black hole yaikulu.

Nde black hole ndi imene imagwira mlalang'amba wonse kuti usabalalike eti?

Ayi, apa nde pamene anthu ambiri amaphonya. Dzuwa limagwiradi mapulaneti chifukwa kulemera kwake n'koposa 99 peresenti ya zonse za m'dera lake. Black hole sili choncho. Madzuwa 4 miliyoni akumveka ambiri koma nyenyezi za Milky Way zokha zimalemera madzuwa mabiliyoni makumi angapo, osawerengera zinthu zosaoneka zotchedwa dark matter zomwe ndi zochuluka kuposa pamenepo. Mphamvu yokoka ya Sagittarius A* imalamulira ma light year ochepa okha oizungulira, pomwe mlalang'ambawo ndi wotambalala ma light year 100,000. Mutaichotsa lero, dzuwa lingapitirize ulendo wake ngati palibe chachitika.

Za sayizi nde musanene. Milky Way itachepetsedwa kukhala ngati dziko lapansili, black hole yake ingakhale ngati kanjere kamodzi ka mchenga.

Ngati ndi yaing'ono choncho, ubale mukunenawo uli pati?

Funso lenileni nde limeneli. Milalang'amba yambiri ili ndi chimulu cha nyenyezi zakale pakati pake chimene amachitcha bulge, ndipo ina, yooneka ngati dzira yotchedwa elliptical, yonse ndi chimulu chokhachokha. Mu 1998 John Magorrian ndi anzake anaona kuti bulge ikakhala yolemera, black hole nayo imakhala yolemera. Mu 2000 magulu awiri, la Laura Ferrarese ndi David Merritt komanso la Karl Gebhardt, anapeza mgwirizano wina wothina kuposa pamenepo, pakati pa kulemera kwa black hole ndi liwiro limene nyenyezi za mu bulge zimayendera uku ndi uko. Amautcha M-sigma. Liwirolo likangowirikiza kawiri, black hole imalemera kuwirikiza ka 16 mpaka ka 30 kapena kuposerapo pang'ono. Kunena mwachidule black hole imakhala pakati pa 0.1 ndi 0.5 peresenti ya kulemera kwa bulge yake.

Taganizani bwino. Nyenyezi zimene akuziyezazo zili kutali moti mphamvu yokoka ya black hole sizikuimva n'komwe, koma ukadziwa liwiro lawo utha kulosera kulemera kwa kanjere ka mchenga kaja. Zikudziwana bwanji?

Pali chinanso. Nthawi imene nyenyezi zinkabadwa kwambiri m'chilengedwe chonse ndi pafupifupi zaka 10 biliyoni zapitazo, ndipo nthawi yomweyonso ndi imene ma quasar anachuluka kwambiri. Kuchokera pamenepo zonse ziwiri zakhala zikutsika limodzi. Ndipo Andrzej Sołtan anaonetsa kale mu 1982 kuti ukawerengera kuwala konse kumene ma quasar anatulutsa utha kudziwa kuchuluka kwa gasi amene anamezedwa, nde atayerekeza ndi ma black hole ogona a lerowa masamu anagwirizana ndithu. Ndekuti ma black hole amenewa ananenepa makamaka pa nthawi imene anali AGN.

Mafotokozedwe alipo atatu ndipo sakutsutsana kwenikweni. Ena amati zonse zimadyera mbale imodzi, gasi wozizira akachuluka nyenyezi zimabadwa black hole nayo imadya. Ena amati black hole ikakula imathamangitsa gasi n'kudziikira yokha malire. Enanso, monga Chien Peng mu 2007, anaonetsa kuti milalang'amba ikamangogundana n'kuphatikizana kambirimbiri, ma bulge akuphatikizana ma black hole akuphatikizananso, masamu okha amapangitsa kuti chiwerengerocho chizifanana olo pasakhale kulankhulana kulikonse. Mfundo yachitatuyi anthu amaiiwala dala chifukwa siyokoma kuifotokoza, koma ndi yamphamvu.

Chakudyacho chimafika bwanji pakatipo? Si black hole imangokoka chilichonse?

Siikoka chilichonse, ndipo kuidyetsa n'kovuta kwabasi. Gasi wa mu mlalang'amba amazungulira pakati ngati mmene dziko limazungulirira dzuwa osagweramo, nde kuti afike pa black hole kuchokera ma light year masauzande ayenera kutaya pafupifupi mphamvu yake yonse yozungulirayo. Ntchito imeneyi amagwira ndi mwininyumba. Milalang'amba iwiri ikagundana gasi amasokonekera, amawombana, wina n'kutsetsereka kupita pakati. NGC 6240 ndi chitsanzo chabwino, milalang'amba ili mkati mophatikizana ndipo mu 2002 telesikopu ya Chandra inapezamo ma black hole awiri onse akudya. Markarian 231, quasar yapafupi kwambiri ndi ife, nayo ili mu mlalang'amba wopindikapindika chifukwa cha kugundana.

Koma si AGN iliyonse imafuna ngozi. Ma Seyfert ambiri ali m'milalang'amba yozungulira bwinobwino yopanda chipsera, chifukwa iwo safuna zambiri, kachigawo kakang'ono ka dzuwa limodzi pa chaka kakwana. Mtanda wa nyenyezi wodutsa pakati uja amautcha bar, kapena mtambo umodzi wa gasi wosochera, zitha kugwira ntchitoyo. Kugundana kumaoneka kofunika kwambiri pa ma quasar owala zedi ndi okwiririka m'fumbi.

Nanga feedback amanenayi ndi chani?

Ndi kubweza kwa black hole. Yadyetsedwa, nayo ikukankha woidyetsa. Joseph Silk ndi Martin Rees analemba za zimenezi mu 1998 M-sigma isanapezeke n'komwe. Masamu ake ndi osavuta: mphamvu yonse imene black hole imatulutsa pokula ndi yoposa kambirimbiri mphamvu yofunika kuchotsa gasi yense mu bulge. Nde olo 1 kapena 2 peresenti yokha itagwira gasiyo, yakwana kusesa nyumba yonse.

Zimachitika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya ma quasar odya kwambiri, kuwala kwenikweniko kumakankha gasi n'kupanga chimphepo. Pali malire otchedwa Eddington limit pomwe kukankha kwa kuwala kumafanana ndi kukoka kwa black hole, ikafika pamenepo imayamba kudzitsekera yokha chakudya. Mu Markarian 231 anayeza gasi wozizira, weniweni wopangira nyenyezi uja, akuthawa pa liwiro la pafupifupi makilomita 1,000 pa sekondi, wolemera madzuwa mahandiredi angapo chaka chilichonse.

Yachiwiri ndi ya ma jet. Iyi imachitika kwambiri m'milalang'amba ikuluikulu ya elliptical pomwe black hole ikudya pang'onopang'ono koma mphamvu yake ikutuluka ngati mizere iwiri yothamanga pafupifupi liwiro la kuwala. Jet yooneka ya M87 imatalika ma light year pafupifupi 5,000, za Cygnus A zimatuluka kunja kwa mlalang'amba wonse n'kukathera kutali. Izi sizisesa gasi kwenikweni, zimangomutenthetsa kuti asazizire, ndipo gasi wotentha sapanga nyenyezi.

Chifukwa chimene akatswiri anaigwirira mfundoyi ndi manja awiri n'chakuti akamayerekeza kukula kwa milalang'amba pa kompyuta popanda feedback ya AGN, milalang'amba ikuluikulu imatuluka yaikulu mopyola muyezo komanso yodzaza nyenyezi zatsopano zabuluu, pomwe kumwambaku ikuluikuluyo ndi yofiirira, yokalamba, inasiya kubereka kalekale. Akaikamo feedback zimafanana ndi zenizeni. Komatu kompyuta imachita zimene waiuza, nde ine umboni umenewu ndimaulandira ndi dzanja limodzi.

Nde umboni wooneka ndi maso ulipo?

Wa ma jet ulipo ndipo ndi wokhutiritsa. Milalang'amba ina imakhala m'magulu akuluakulu odzaza gasi wotentha madigiri mamiliyoni makumi angapo amene amawala ma X-ray. Powala choncho akutaya kutentha, nde pakati pa gululo amayenera kuzizira, kugwera mkati n'kupanga nyenyezi mahandiredi pa chaka. Atayang'ana anapeza zochepa kwambiri kuposa pamenepo. China chake chikusonkhezera moto.

Mu gulu la Perseus, pa ma light year pafupifupi 240 miliyoni, Chandra inajambula zimabowo ziwiri mu gasi wotenthayo mbali zonse za mlalang'amba wa NGC 1275, ndendende pamene ma jet akudutsa. Ma jet akufufumitsa zimathovu zimene zimakwera n'kukankha gasi. Mu 2003 gulu la Andrew Fabian linapezanso mafunde ozungulira ofalikira kunja, mafunde a phokoso enieni, otsika kwambiri moti funde limodzi limatenga zaka pafupifupi 10 miliyoni. Ukawerengera mphamvu yofunika kukumba mabowo otero imafanana ndi kutentha kumene gasi akutaya, ndipo zimenezi zapezeka m'magulu ambiri. Gasi akazizira pang'ono amagwera pa black hole, iyo imalusa, gasi amatentha, chakudya chimachepa, iyo imafatsa, gasi amayambanso kuzizira, choncho choncho.

Umboni wa chimphepo cha ma quasar ndi wovutirapo. Chimphepocho chikuoneka, koma ukayeza milalang'amba yambiri yokhala ndi AGN umapeza kuti yambiri ikubereka nyenyezi bwinobwino, ina kuposa inzake. N'zomveka, poti gasi amene akudyetsa black hole ndi yemweyo akupanga nyenyezi. Komanso nthawi zake n'zosiyana, AGN imayaka n'kuzima msanga pomwe kubadwa kwa nyenyezi kumatenga zaka mamiliyoni mahandiredi kuti kusinthe, nde kuyang'ana AGN lero n'kufunsa ngati yapha mlalang'amba kuli ngati kuona munthu akudya kamodzi n'kufuna kudziwa chifukwa chake ananenepa.

Imangowononga basi?

Pena imathandiza. Jet ikawomba mtambo wa gasi imatha kuupanikiza mpaka nyenyezi kubadwa. Minkowski's Object ndi kagulu ka nyenyezi zatsopano kamene kali panjira ya jet yochokera mu NGC 541, ndipo pafupi ndi jet ya Centaurus A, yomwe ili pa ma light year 12 miliyoni okha, palinso nyenyezi zazing'ono msinkhu. Koma izi ndi zapamalo ochepa.

AGN ikayaka imayaka mpaka kalekale?

Ayi, imaphethira. Nkhani yokoma ndi ya Hanny van Arkel, mphunzitsi wa ku Netherlands amene mu 2007 ankathandiza kusanja zithunzi za milalang'amba mu pulojekiti ya Galaxy Zoo, nde anaona kachinthu kachilendo pafupi ndi mlalang'amba wa IC 2497 n'kufunsa kuti ichi n'chani. Mpaka pano amachitcha Hanny's Voorwerp. Ndi mtambo wa gasi umene ukuwala chifukwa unawalitsidwa ndi quasar, koma ukayang'ana pakati pa IC 2497 quasar yamphamvu choncho palibe. Inazilala m'zaka zosapitirira pafupifupi 100,000 zapitazi, mtambowo ukutionetsa kuwala kwakale chifukwa kunadzera njira yaitali. Palinso ma AGN ena monga Markarian 1018 amene asintha maonekedwe m'zaka zochepa anthu akuona. Ndekuti mlalang'amba womwe lero ukuoneka wofatsa mwina dzana unali Seyfert, kusiyana kwa "wokhala ndi AGN" ndi "wopanda AGN" nthawi zambiri ndi nkhani ya tsiku limene waujambula.

Chinayamba ndi chiti, black hole kapena mlalang'amba?

Apa mkangano ukadali wotentha. Quasar ya J0313-1806, imene analengeza mu 2021, tikuiona mmene inalili chilengedwe chili ndi zaka 670 miliyoni zokha, koma black hole yake inali kale madzuwa 1.6 biliyoni. Kuyambira pa black hole yotsala nyenyezi ikafa n'kumadya motsatira malire a Eddington, nthawi siikwana. Nde mwina black hole zoterezi zinayamba zili kale zazikulu, mtambo wa gasi kungogwa wonse osapanga nyenyezi, kapena zinkadya mopyola malire aja kwa kanthawi.

Telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka pa 25 December 2021, yaonjezera nkhuni pamoto. Yapeza ma AGN ambiri akalekale amene black hole zake zikuoneka zolemera kwambiri poyerekeza ndi nyenyezi za mwininyumba, kuposa 0.1 kapena 0.5 peresenti ija. Imodzi mwa izo, UHZ1, ya nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 470 miliyoni, ikuoneka kuti black hole yake ikufanana kulemera ndi nyenyezi zonse za mlalang'amba wake. Zikakhala choncho ndekuti black hole inatsogola, mlalang'amba n'kumaithamangira pambuyo. Koma chenjerani, kutali choncho zimene timaona mosavuta ndi zowala kwambiri, zomwe ndi zolemera kwambirinso, nde zitha kutinamiza kuti zonse zinali choncho.

Yathuyi ikadzadzuka tidzapsa?

Gonani tulo. Ma light year 26,000 ndi kutali, pakati pathu ndi iyo pali fumbi lochuluka, ndipo madzuwa 4 miliyoni ndi ochepa kuti ikhale quasar yoopsa ngati 3C 273, italusa ingafike pa Seyfert. Chimene chingaipatse chakudya chambiri ndi kugundana ndi mlalang'amba wa Andromeda, womwe black hole yake ndi yoposa madzuwa 100 miliyoni. Kwa nthawi yaitali ankati zidzachitika pakatha zaka 4 kapena 5 biliyoni, koma kafukufuku wa 2025 anapeza kuti mwayi woti iphatikizane m'zaka 10 biliyoni zikubwerazi ndi pafupifupi theka. Ndipo pofika nthawi imeneyo dzuwa lathu lomweli lidzakhala litaumitsa kale nyanja zonse zapadziko.